Njinga Imodzi, Misewu Iwiri

Amene akuona ngati ndinama anyamuke pompano, pabenchipo pakhale wina wamakutu. Mwana wanga Esinati, uja akuphunzira sayansi kuyunivesite, wabwera nazo ngati zachilendo: akuti tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timakhala malo awiri nthawi imodzi, mpaka wina atatiyang'ana, pamenepo timakhazikika pamalo amodzi. Ndamuseka! Ine bambo ake ndinazichita kale, ndi thupi lonseli, ndi njinga yomwe.

Chinali chaka chija titangovota koyamba za matipate. Loweruka lina ndinali nkhoswe ya mphwanga ku Chiringa, mkazi wanga atatsogola kale kumeneko, ndiye m'mawa womwewo uthenga unafika woti mayi anga, amene ng'ala inali itawatseka maso onse, adwalika cha ku Fort Lister, akufunika kuchipatala. Nditafika pamphambano, chiperoni chitatsika m'phiri moti dzanja lako lomwe sungalione, ndinati mayi ndi mmodzi, ulemu wa nkhoswe nawonso ndi umodzi, ndiye ndinaponda pedulo mpaka tcheni chinalira mawu awiri, njinga n'kulowa misewu yonse iwiri, ine uku, ine uko, thukuta kugawana pakati. Mukumva?

Ku Chiringa anthu ankangomva mawu anga m'chifungamo, ndikulangiza banja, amayi nthungululu lululu, pamene kuphiriku ndikutsetsereka ndi mayi nditawamangirira ndi chitenje pakaliyala, iwo atandigwira m'chiuno akuti, "Mwanawe, bwanji lero ukupepuka ngati theka la munthu?"

Kenaka mphepo inayamba kukokolola chifunga chija. Ndinamva mkazi wanga: "Bambo a Esinati, muli pati?" Apa zinavuta, pakuti diso lake likanandipeza ndikanakhala ku Chiringa yense, njinga n'kutsala yopanda mwini pamtsetse, mayi anga n'kugwera nayo kuphompho. Ndinadziponya m'nthochi, masamba kumutu, uku ine winayo ndikupalasa mpaka matayala kufuka utsi, kudumpha mtsinje osaona mlatho, kuliza belu pageti la chipatala ndikukuwa, "Anesi, ndiyang'aneni msanga!" Nesi anatukula maso. Pompo ndinakhala munthu mmodzi wathunthu, kulemera mpaka sipoko zitatu kuthyoka. Mayi anachira, anadyanso chimanga cha zaka zambiri. Ndikulumbira, Mulungu akuona!

Akuti anthu ophunzira amakanganabe. Ena amati diso ndilo limasankha, ena amati dziko limang'ambika pawiri, lililonse n'kupitirira palokha. Ine ndili ndi achiwiriwa, ndipo abwere kuno ndiwaphunzitse. Kudziko linalo ndinadya nkhuku ya chinkhoswe, mkazi wanga akundinyadira mpaka lero. Kunoku amaumirira kuti ku Chiringa sindinapondeko n'komwe, kuti amene ankalangiza banja m'chifungamo anali achimwene anga aakulu, ndipo ndinagona m'khitchini masabata awiri.