Ndathamanga Miyezi Itatu Osachoka Pakhomo, Bwana

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe la Thupi Lopepuka,
Ku Likulu, Apia.

Wolemekezeka Bwana,

Ndikulemba kalatayi nditagwada, ngakhale kuti podzuka pafunika anthu awiri ondigwira m'khwapa. Ndine Malaki Pesamino, dalaivala wa basi kuno ku chilumba cha Savai'i, mkamwini m'banja la a Kelemete kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Mwa anthu onse amene analandira kapepala kanu kobiriwira kaja, ndikukhulupirira kuti ndine ndekha amene ndinakawerenga mpaka kumapeto. Ena anakolezera moto, ena akuingitsira ntchentche, ndipo onse akuyamikira kuti pepala lake ndi lolimba.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Mwezi wa Meyi namwino wa pachipatala chathu anandikweza pasikelo, n'kundiuza kuti nditsike ndikwerenso, poganiza kuti sikelo yalakwitsa. Sinalakwitse ayi, inabwereza zomwezo, makilogalamu 128. Atandibaya chala n'kuona shuga, anati, "Bambo Malaki, akulu anu a Iakopo ndinkawatsuka bala ndine. Thupili mukapanda kulitsitsa, njira yanu ndi yomweyo." A Iakopo anawadula mwendo wakumanja chaka chatha, m'munsi mwa bondo. Mwendo wakumanja, Bwana, ndi umene umaponda moto ndi buleki, ndiwo umadyetsa ana anga. Ndinachita mantha, sindikubisirani, ndipo mantha amenewo sanandichoke mpaka lero.

Ndiye namwinoyo anandipatsa kapepala kanu. Mawu ake ndinawaloweza ngati vesi: "Sipafunika bwalo, sipafunika nsapato. Lowani m'chipinda chanu, tsekani chitseko, thamangani pamalo amodzi mphindi makumi awiri tsiku lililonse." Pamwamba pali chithunzi cha mayi wina woonda, ali yekhayekha m'chipinda choyera, duwa lili pambali, wopanda ndi m'bale mmodzi yemwe womuyang'ana. Ndinamumvera chisoni, koma ndinamuchitiranso kaduka.

Zimene zikutsatirazi si madandaulo. Munthu wa sitandade sikisi ngati ine angadandaule chiyani kwa anthu ophunzira? Ndi timafunso chabe.

Choyamba, chitseko. Ndazungulira nyumba yathu kawiri konse, nsanamira ndazipeza, denga lilipo, koma chitseko sindinachione, khoma nalonso palibe. Ndikudziwa kuti inunso munabadwira m'nyumba yotereyi, yolowa mphepo mbali zonse, koma kamphepo kozizira ka makina a mu ofesi kamaiwalitsa zambiri, ndiye sindikukuimbani mlandu. Tsiku loyamba ndinangoima pakati pa nyumba n'kuyamba, msewu wonse ukundiona. A Makelita, amayi oyandikana nafe, anatula dengu n'kufuula, "Iii, a Malaki, mukupita kuti?" Ndinati, "Sindikupita kulikonse, mayi." Iwo anati, "Nanga changu chonsecho?" Agalu apamudzi, amene sakhululukira munthu wothamanga, anabwera ndi liwiro, koma atafika anasowa chochita. Anandizungulira, kudikira kuti ndinyamuke kuti andithamangitse, mpaka wina anagona. Kenaka nsalu yanga ya m'chiuno inatopa ine ndisanatope, ndipo nkhani ya tsiku limenelo ithere pomwepo.

Chachiwiri, apongozi. Mwina kapepala kanu kali ndi tsamba lina limene ine sindinalandire, lofotokoza mmene munthu amathamangira akulu ali pansi. A Kelemete amakhala m'nyumbamo kuyambira m'mawa, atatsamira nsanamira yawo, akupota chingwe cha makoko a kokonati pantchafu. Inu mukudziwa kuti munthu saimirira akulu atakhala, ndipo ukamadutsa pamaso pawo umawerama n'kunena zikomo. Vuto lake ndi lakuti munthu wothamanga pamalo amodzi samaliza kudutsa. Ndinathamanga chowerama, ndikuti zikomo, zikomo, zikomo, mpaka msana unati nyong'o. Apongozi anandipirira mphindi zisanu ndi ziwiri, kenaka anaika chingwe pansi. "Akamwini," anatero, "ngati mukudutsa dutsani, ngati mukukhala khalani. Zoti munthu azindidutsa osatha ndi zachilendo pakhomo pano."

Chachitatu, ndipo apa ndikuthokozeni ndi mtima wonse chifukwa nzeru zanu zinagwira ntchito. Mkazi wanga Telesia ndiye anapeza njira. Apongozi amapita kukasamba kukasupe folo koloko iliyonse, ndipo sabwerako msanga poti kumeneko ndi kumene amakambirana za dziko ndi anzawo. Ine basi yomaliza ndimaimika hafu pasiti fili. Ndiye akangochoka, Telesia ankatsitsa zotchinga zonse za masamba a kokonati, zija timatsitsa kukamagwa mvula, ine n'kuyamba ntchito m'katimo, iye atagwira wotchi. Chitseko chanu tinachipanga choncho.

Chimene ofesi yanu sinatichenjeze n'chakuti munthu satsitsa zotchinga dzuwa likuswa mtengo, pokhapokha ngati m'nyumbamo muli wodwala kapena muli zobisa. Tangoganizani, Bwana, mudzi wonse nyumba zili ng'aa, yathu yokha yatsekedwa, m'kati mukumveka di di di, munthu ali wefuwefu, mkazi akufuula kuti, "Limbikirani bambo, zatsala mphindi zitatu!" Ena anati ndikumenya mkazi. Ena ananena zina zimene sindingalembe m'kalata yopita ku ofesi, ndipo amayi akutchalitchi anayamba kupatsa Telesia moni akuseka. Tinapirira. Telesia anasiya kuthira mkaka wa kokonati m'ndiwo zanga, nsomba ankangowiritsa, mafuta a nkhumba ankachotsa ndi mpeni ine ndikuyang'ana kumbali kuti ndisalire. Pakutha pa miyezi itatu ndinali nditatsitsa makilogalamu asanu ndi awiri. Namwino anaomba m'manja. Ndinakwera basi osagwira chitsulo, ndipo tsiku lina posamba ndinaona zala zanga zakuphazi popanda kusuzumira. Ndinakondwa ngati mwana, ndinkati mwendo wanga wapulumuka.

Chachinayi ndiye chachikulu, mundilole nditalikitseko. Basi, Bwana, sinyamula anthu okha. Anthu omwe ndinkawanyamula ine ndemwe anakatula nkhani kumbali ina ya chilumba chathu, kumene kumakhala mlongo wanga wamkulu, a Fuatino. Anakawauza kuti Malaki waonda, khosi latuluka, ndipo mkazi wake amamutsekera m'nyumba masana. Inu ndinu mwamuna wakonkuno, mukudziwa malo a mlongo. Mfumu mukhoza kuizemba, abusa mukhoza kuwalonjeza za mawa, koma mlongo akalankhula, mwamuna amangoyang'ana pansi.

A Fuatino anafika Loweruka, pa basi ya mnzanga kuti ndisadziwe. Anatsitsa theka la nkhumba yowotcha pamiyala yamoto, madengu awiri a talo, chilazi chathu chakuno, michira ya nkhukundembo yokazinga, zitini za nyama, ndiponso a Iakopo ndi ndodo zawo. Atakhala pamkeka n'kupereka ulemu kwa apongozi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, misozi n'kulengeza. Kenaka anatembenukira kwa Telesia.

"Mlamu, mlongo wangayu ndinakupatsani ali munthu wodzaza mpando. Taonani khosilo. Mukumubisa chiyani m'zotchingamo? Ngati mapoto akukulemerani nenani, timutenge, kwathu moto sunazime."

Telesia anadzuka chowerama n'kupita kuseri kwa khitchini, ndipo ndinamumva akufwenthera. Mkazi amene anandigwirira wotchi miyezi itatu, amene anapirira kusekedwa pakhomo la tchalitchi chifukwa cha mwendo wanga, ananenedwa kuti ndi womana pamaso pa bambo ake omubereka. Zinandipweteka kwambiri.

Ndinathamangira kapepala kanu, Bwana, ndipo aka kanali koyamba kuthamanga n'kusunthadi. Ndinati, "Achemwali, si matenda, ndi malangizo a ku Apia, taonani." Anayang'anitsitsa chithunzi cha mayi uja n'kunena kuti, "Uyu akudwala. Kwawo kulibe anthu?" Anakabweza kapepalako n'kuloza a Iakopo. "Awa anayamba chomwechi. Kuonda, kuonda, ife n'kumati zili bwino, mapeto ake mwendo. Ine sinditayanso mwendo wina m'banja lino. Idya."

Mwaona, Bwana? Inu ndi mlongo wanga mukufuna chinthu chimodzi, mwendo womwewu. Kusiyana kwake n'kwakuti inu munatumiza pepala, iwo anabwera okha ndi nkhumba. Ndipo sananame, a Iakopo anaondadi shuga itawagwira kwambiri, ndinawaona ndi maso angawa. Kuti kuonda kwina n'kwa matenda, kwina n'kwa thukuta, palibe anabwera kudzawafotokozera a Fuatino, ndipo kapepala kanu kalibe mzere umenewo.

Mbale inaikidwa patsogolo panga. Apongozi anasiya kupota, akundiyang'ana, chifukwa dzina la khomo lawo linali m'mbalemo. A Makelita ndi anzawo anali atapeza chifukwa chosesera pafupi. A Iakopo okha ndi amene anandinong'oneza kuti, "Usadye zonse, mphwanga," koma ananena pakamwa pali podzaza, poti nawonso mlongo wawo ndi yemweyo. Ndikanakana, ndiye kuti ndavomereza kuti ndikudwala ndipo mkazi wanga akundibisa. Ndinadya. Ndinadya kuti ndiyeretse dzina la Telesia, ndinapempha ndi ina kuti liyere bwinobwino. Ndisanamenso kuti sizinkakoma, zinkakoma zedi, ndipo ndinkatafuna ndili ndi mantha.

Lero ndi sabata yachisanu a Fuatino ali pakhomo pano. Akuti achoka khosi likabwerera m'malo mwake. Zotchinga anazikweza n'kuzimanga mfundo ndi chingwe cha apongozi, chimene sichiduka. M'mawa amandiperekeza kubasi ndi phukusi, ndipo amauza okwera kutsogolo kuti aonetsetse kuti ndamaliza. Dzana ndinakwera sikelo, inati 129. Ndathamanga miyezi itatu, Bwana, ndipo ndafika kilogalamu imodzi kupitirira pamene ndinayambira, choncho amene amati wothamanga pamalo amodzi sapita patsogolo ndi abodza. Namwino sanaombe m'manja. Anandivula patapata n'kundibaya ndi kachitsulo pachala chachikulu cha phazi lakumanja, n'kufunsa ngati ndikumva. Ndinamva, koma patali, ngati akubaya chala cha munthu wina.

Tsopano pempho langa, limene ndikulipereka ndi manja awiri. Sindikupempha kapepala kena ka ine, ine ndinamva kale. Sindikupemphanso kuti mudzathamange. Ndinaona chithunzi chanu m'nyuzipepala tsiku lokhazikitsa ntchito yochepetsa thupiyi, mukudula keke yaikulu, tayi yanu itapumira pamimba isanafike palamba, ndipo ndinadziwa kuti nanunso muli ndi achemwali okukondani.

Ndikupempha kuti mukwere sitima yapamadzi mubwere kuno Lamulungu likubwerali. Ndidzakuchingamirani padoko ndekha, mpando wakutsogolo ndi wanu. Tikaweruka kutchalitchi mudzakhale pamkeka, mutapinda miyendo, maso ndi maso ndi a Fuatino. Adzakuikirani mbale ya mlendo wolemekezeka, mutu wa nkhumba uli pamwamba, adzakhala pambali akukuingitsirani ntchentche, mudzi wonse ukuonerera poti khoma palibe. Pamenepo, Bwana, ndi maphunziro anu onse, mudzakankhe mbaleyo pang'onopang'ono, mudzawayang'ane m'maso, mudzawauze kuti mlongo wawo akaonda asalire. Ine ndidzakhala kumbuyo kwanu ndi pensulo, ndikulemba mawu alionse, kuti ndidziwe mmene munthu wophunzira amakanira chakudya cha mlongo wake popanda kuliza mkazi wake.

Zikakukanikani, musachite manyazi, idyani ndithu, palibe adzakuululeni. Koma mukabwerera ku ofesi mukatseke chitseko chanu, poti inu muli nacho, mukalembe kapepala kena kopita kwa amene amagawa chakudya, osati kwa ife ongolandira. Mukangochita changu pang'ono, Bwana. Namwino akuti dzanzi likayambira kuchala limakwera, ndipo ilo silithamanga pamalo amodzi.

Ine wantchito wanu wamiyendo iwiri pakadali pano,

Malaki Pesamino