Njati sibwereza

Mukafika pa boma la Chama n'kufunsa munthu wojambula maukwati, akulozerani kwathu. Mukafunsa wojambula alenje, ayamba aseka kaye, kenako akulozeraninso kwathu komweko. Ndiye lekani ndifotokoze ndekha, chifukwa ena ayamba kuwonjezera zoti ndinadzinyowetsa (bodza limenelo, linali thukuta).

Ine ndine mphunzitsi, ananditumiza kuno kuchokera ku Chipata. Loweruka ndimajambula maukwati, ndipo sikudzitama ayi, kuyambira ku Tembwe mpaka pa boma palibe wondiposa. Tsono pa holide ya Ogasiti, bwana wa kampu ina ya alenje ku Chifunda anandiimbira foni. Wojambula wawo anali atagwa ndi malungo, pomwe mzungu wina wa ku Amerika anali atafika kale kudzapha njati imodzi yokha imene boma linamuloleza. Azungu amenewa nyama saifuna kwenikweni, chimene amafera ndi vidiyo yokaonetsa anzawo kwawo. Bwanayo anati ndikajambula bwino, ntchitoyo ikhala yanga chaka ndi chaka. Ndinamuyankha kuti munthu amene anajambulapo apongozi akulimbirana keke sangaope ng'ombe yakutchire.

Ndinafika nditavala malaya oyera, nsapato zosongoka, perefyumu ili gwa, monga ndimachitira pa ntchito. Wolondola mapazi a nyama anali ba Goma, mkulu wachisenga wosakonda zolankhula. Anandinunkhiza kamodzi, n'kupita kukatola ndowe za njovu. Anandipaka m'khosi ndi m'khwapa momwe, mzungu akuona. Ndinangoti pirira mwana wamwamuna, luso lili m'manja.

Tsiku lachiwiri tinapeza gulu la njati. Ba Goma anali ndi kathumba ka phulusa kamene ankagwedeza pafupipafupi n'kumayang'ana kumene phulusalo likulowera. Ine ndinkayesa ndi mankhwala achisenga, moti sindinafunse (za eni ake safunsa). Kumene tinabisala dzuwa linkandiwomba m'kamera, ndipo wojambula aliyense wanzeru amadziwa kuti dzuwa liyenera kukhala kumsana. Ndinakwawa mwakachetechete n'kuzungulira mbali ina. Chithunzi chinakongola zedi, koma kwa kamphindi chabe. Njati zinatukula mphuno zonse pamodzi, n'kuliyatsa liwiro, fumbi koboo.

Ba Goma anatembenukira kwa ine. “Ba Ticha, phulusa ija ni ya mphepo. Manje mwazitumizira kalata kuti tabwera.”

Tinayenda masiku ena atatu osaona ngakhale mchira. Nsapato zosongoka zija zinandisenda zidendene, koma sindinadandaule, ndinkadziwa kuti tsiku langa likubwera.

Linabweradi, tsiku lomaliza mzungu asanakwere ndege. Tinapeza chinjati chachimuna chokalamba chili chokha m'mphepete mwa kamtsinje kouma. Mzungu anatsamiritsa mfuti pa timitengo. Ine ndinagwada pafupi penipeni ndi phewa lake, kuti nkhope, mfuti ndi njati zilowe pamodzi. Bwana anali atandipatsa timphira totsekera m'makutu, koma ndinakana, ndinati wojambula ayenera kumva mawu. Abale, mfuti ya njati si ija imalira pa perete. Itangoti phuu, ndinapezeka ndagona chafufumimba, mphuno m'dothi, osadziwa kuti ndafikamo bwanji.

Pomwe ndinkadzutsa mutu, njati inali itagwa kale, anthu akugwirana chanza. Apa m'pamene pakamwa panga panandipereka. Paukwati mphete ikalowa ndisanakonzeke, ndimangolamula ndipo amaivula. Ndiye ndinaimirira, n'kusasa fumbi, n'kunena mokweza: “Sindinagwire bwino pamenepo, bwerezani!”

Mzungu anafunsa kuti ndati chiyani, bwana n'kumumasulira. Sanaseke.

Masana omwewo tinakhala pansi pa mtengo ku kampu kuonera pa laputopu. Nkhope ya mzungu inaoneka bwinobwino, mfuti n'kulira, kenako udzu. Udzu wokhawokha, ndi mawu anga ndikupemphera, kutchula ana anga mmodzimmodzi, mpaka kukhululukira ba hedimasitala athu (zimenezi ndinazibweza pambuyo pake). Mzunguyo anali nkhalamba yopuma pantchito, ndipo ulendowu anaulakalaka moyo wake wonse. Anavula chipewa, n'kukaima payekha kuyang'ana kumtsinje. Kunena zoona, pamenepo ndinachita manyazi osaneneka, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ba Goma anapisa m'thumba n'kutulutsa kafoni kosweka galasi, komanga ndi mphira. Anati anangokayatsa kuti akaonetse akazi awo. Zonse zinalimo: njati ikutembenuka, mfuti ikulira, njati ikugwa. Pakona pa chithunzicho pankaonekanso munthu wa malaya oyera akuuluka ngati nkhuku yoponyedwa mwala. Mzungu anawakumbatira ba Goma misozi ili m'maso, n'kupempha kuti pakona paja pasadulidwe.

Ntchito ija anapatsidwa ba Goma, ndipo chaka chino awagulira kamera yoposa yanga. Ine ndinabwerera pa boma pamwamba pa lole ya thonje, nsapato zili m'manja. Komabe vidiyo yangayo sindinaifufute, ndipo aliyense woseka ndimamuonetsa. Ya ba Goma imagwedera. Yanga taonani udzuwo, tsamba lililonse likuoneka bwino, ngakhale nyerere mutha kuiwerenga miyendo.