Mfuti ya M'thumba ku Bradford

Akazi anga anandiletsa kukamba nkhani iyi, koma poti kutchalitchi inafika kale, bola muimve kwa mwini manyazi.

Ine ndimagwira ntchito ya care ku Bradford kuno ku Mangalande, kuyenda khomo ndi khomo kusambitsa nkhalamba. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, mbava ya panjinga inanditsomphola foni pa bus stop. Nditadandaulira alamu anga a ku Texas ku Amereka, anangondiseka. "Alamu, mwamuna amayenda ndi kamfuti m'chiuno! Sankhani kakang'ono, kosaonekera pamalaya."

Ine osafunsa n'komwe za malamulo a kuno. Nditaweruka shift ya m'mawa, ndinalowa m'shopu ya zida za alenje. Mwini wake anali mzungu wa ndevu zaimvi.

"Boss, I want a small pistol. Ya m'thumba."

"Sitigulitsa. It's illegal, pal."

Tsono inu mukudziwa kwathu: wogulitsa akati "palibe", ndiye kuti nkhani yangoyamba kumene, katundu weniweni ali kuseri. Ndinamwetulira, kucheuka uku ndi uku, n'kukankhira £20 pakauntala. "For Fanta."

Mkulu uja maso tong'o! "Mukufuna mukatani nayo?"

Ndinati ndimumasule. "Ndimalowa m'nyumba za nkhalamba tsiku lililonse, ndekhandekha. Ndikufuna koti asakaone."

"Wait here," anatero, n'kulowa kuseri.

Mumtima ndinati eyaa, Fanta wagwira ntchito! Mpaka ndinayamba kulingalira kuti nditenge kakuda kapena ka silver.

M'malo mwa katundu, kunabwera apolisi awiri, bambo ndi mayi. Atandipisa m'matumba anatulutsa magolovesi a labala, kenako pepala langa la kuntchito: maadiresi asanu ndi atatu a nkhalamba zokhala zokha, ndi manambala otsegulira timabokosi ta makiyi a nyumba zawo.

Visa yanga ndi ya ntchito imeneyi. Dzina likangolowa m'buku la polisi, ntchito yatha, ine ndi banja lonse ulendo wa ku Chileka.

"Imbirani manager wanga, chonde!" ndinachonderera.

Manager wathu ndi Mayi Mwansa a ku Zambia, pakamwa mopanda mabuleki. Wapolisi wamkazi anawaika pa speaker n'kufunsa ngati ndine munthu woopsa.

Mayi aja anaseka mpaka kutsokomola. "Uyo? Officer, last week anadzikhomera mu toilet ya client one hour, kuthawa pusi! Agogo a zaka nainte ndiwo anabwera na walking frame kudzamupulumutsa!" Kenako anaibwereza yonse m'Chingerezi, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa ana, kuti aliyense m'shopumo amve bwino.

Nkhani imeneyo ndinali nditaikana sabata yathunthu kuntchito. Ndinkati loko inaonongeka, mpaka kulumbira pali Mulungu.

Wapolisi wamkazi uja anandiyang'ana, akudziletsa kuseka. "Is this true, sir?"

Ndinaika ulemu wanga mbali iyi, visa mbali iyo. Ulemu unapepuka.

"Very true, madam," ndinayankha mokweza. "Koma mulembe kuti pusiyo anali wamkulu."

Anandipatsa chenjezo la pakamwa n'kundiuza kuti ndizipita.

Kunja kuno, wamantha ndiye amakalamba ndi visa yake.