Chiwanda cha ku Dowa Chikana Kutuluka

Nkhani iyi ndakhala ndikuikhalira kwa zaka zambiri, koma popeza Anti Tembo anaifalitsa kale kuyambira ku Lewisham mpaka ku Tottenham, bola muimve kwa mwini wake. Ndi yochititsa manyazi. Mukamaseka muziseka mwaulemu, chifukwa ine tsiku limenelo ndinali serious.

Zinali m'zaka za m'ma 90, ndili student ku Greenwich. Ndinkachita lendi kachipinda kwa Anti Tembo, mayi wa ku Katete ku Zambia, nesi pa nursing home ina, mtima wabwino koma pakamwa popanda zipi.

Mtima wanga unali utagwera Yumi, mtsikana wa ku Japan wa m'kalasi mwathu. Mwini wakeyo analibe nane vuto. Vuto linali bambo ake, amene ankagwira ntchito mu London muno. Ndinali nditakumana nawo kawiri, ndipo maulendo awiri onsewo anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti, "Hmm." Yumi anali atandiuziratu kuti popanda chilolezo cha bambo ake palibe za ukwati. Ndiye ine ndinkasakasaka mpata woti mdala ameneyu aone kuti ndine munthu.

Mpatawo unabwera wokha, tili mu canteen.

"Fanuel, Loweruka kwathu kuli mwambo," anatero Yumi. "Timachita chaka chilichonse, February akangoyamba. Pamafunika mwamuna woti avale chigoba cha oni."

"Oni ndiye ndani?"

"Chiwanda cha kwathu. Chofiira, cha nyanga, chimayenda ndi chibonga. Ndi chimene chimabweretsa matenda ndi minyama m'nyumba. Amavala ndi bambo, koma chichitireni opaleshoni ya msana akuyendera ndodo. Mayi akuti chaka chino mwambowu usalephereke."

Chigoba! Ndinatsala pang'ono kutaya tiyi. Abale, ine ndine wa ku Dowa. Za kudambwe saulula, choncho sindinena zambiri, koma dziwani kuti fumbi la pabwalo ndimalidziwa kukoma kwake. Mulungu anali atandibweretsera mayeso a subject yanga.

"Ndavomera," ndinatero.

"Dikira kaye ndikufotokozere. Ukangolowa, ana aja ayamba..."

"Yumi, please. Munthu wa ku Dowa sauzidwa za chigoba."

"Koma pali malamulo ake."

"Ndikuwadziwa onse. Uwauze bambo akhale kutsogolo."

Madzulo ake ndinawauza Anti Tembo, ndikudzitama. Iwo anasiya kusita yunifomu n'kundiyang'ana.

"Manje iwe, wafunsa mushe vamene bamachita ba Japan?"

"Anti, chigoba n'chigoba."

"Safunsa anadya phula, mwana wanga. Elo ku church usakakambe ati unavala vinyau, bazakuchosa mu choir!"

Ndinangoseka. Anthu a ku Katete nkhawa zawo n'zambiri.

Loweruka cha m'ma 4 koloko ndinatsika basi ku Greenwich, kwawo kwa Yumi, kunja kukuzizira ngati mufiriji. Pakhomo ndinavula nsapato monga mwa mwambo wawo, ndikubisa chala chachikulu chimene chinkasuzumira pa bowo la sokosi. Yumi anandilowetsa m'bafa. Ndinasiya m'menemo jekete, thalauzi, chikwama ndi bus pass. Ndinavala T-shirt yofiira, kabudula wachikasu wa mizere yakuda, chigoba cha mano ngati zikhomo, n'kunyamula chibonga chapulasitiki. Nditadziyang'ana pagalasi ndinadziopa ndekha.

Mu sitting room munali bambo aja pampando, pilo kumsana, ndodo pambali. Panali mayi ake a Yumi, Yumi mwini, ndi tiana tiwiri ta mkulu wake. Aliyense anali atagwira kabokosi kathabwa.

Ndinalowa ndi mfuu ya kwathu, ija yopyapyala yochititsa nthumanzi. Tiana tija tinakuwa. Kenako ndinangomva kuti phwa! phwa! pachigoba. Kuyang'ana pansi, soya wokazinga.

Mtima wanga unasungunuka. Kwathu chilombo chikavina bwino anthu amachisupa, amachiponyera ndalama kaya kanthu kalikonse kamene ali nako. Ndiye anthu awa andisupa ndisanagwedeze n'komwe chiuno! Ndinati mumtima, Fanuel, anthu aulemu chonchi usawachite chinyengo, apatse gule yense.

"Oni wa soto! Oni wa soto!" onse ankafuula pamodzi.

Chijapanizi sindinkachimva, koma kayendedwe ka mawuwo kanali kabwino zedi. Ng'oma panalibe, ndiye ndinaitenga kuti ndiyo nyimbo yanga. Ndinapalasa kapeti ndi phazi lamanja, ndinapalasa ndi lamanzere, n'kuzungulira ngati nguli. Soya anawonjezeka. Ine ndinawonjezeranso moto.

Kwathu pamakhala munthu wotolera zosupazo, koma ku London aliyense amadzigwirira yekha ntchito. Choncho ndinkati ndikavina pang'ono, ndawerama, ndawola soya, ndaika m'thumba la kabudula. Mphatso ya apongozi siisiyidwa pansi.

Mayi aja anathamanga kukatsegula chitseko chakumaso, n'kumaloza panja ndi manja onse awiri. Ndinati, aa, taonani chikondi, akufuna ma neighbour aone nawo. Ndinavina kulowera kuchitseko, ndinafika pakhomo penipeni, nkhope zawo zinawala, kenako ndinatembenuka n'kubwerera m'kati mwaliwiro. Imeneyo ndi sitayilo ya kwathu, anthu amaikonda.

"Fanuel!" Yumi ananong'ona mokalipa. "Fanuel, thawa! Tuluka!"

Apa ndiye anandilakwira kawiri. Choyamba, chilombo chilibe dzina, ndipo mkazi sachitchula. Chachiwiri, munamva kuti chilombo chathawa ana? Ana ndiwo amathawa chilombo! Ndinamuthamangitsa Yumi mpaka kukhitchini, ndinazungulira tebulo kawiri, ndinasuzumira mumphika wa mpunga, n'kubwerera ku sitting room tiana tili pambuyo panga, misozi ili chuchuchu koma manja akugendabe.

Mayi aja anang'amba paketi yachiwiri. Tsopano sankaponyanso mwachikondi, ankachita kugenda motsinzina. Soya wina analowa pa diso la chigoba. Ndinati, standing ovation imeneyo.

Ndiye ndinakumbukira chimene ndinabwerera. Gule wolongosoka amakavina pamaso pa mwini bwalo. Ndinalunjika pa mpando wa bambo aja. Ndinagwada, ndinadzuka, ndinatekesa mapewa, ndinazungulira mpandowo katatu. Pomaliza, posonyeza ulemu, ndinawagunda pang'ono ndi chibonga chija pamsana.

Pamsana pomwe paja!

Mayi aja anatulutsa mfuu imene sindidzaiiwala. Anandiponyera paketi yachitatu yosatsegula n'komwe, kenako anabwera ndi tsache. Ine m'chigoba thukuta lili kamukamu, ndikuganiza kuti tsachelo ndi mbali ya mwambo.

Kenako ndinaona chozizwitsa. Mdala uja anadzuka. Popanda ndodo! Anandigwira kumbuyo kwa kabudula ndi dzanja limodzi, pakhosi pa T-shirt ndi linalo, n'kundiyendetsa chammwamba mpaka pakhomo. Ndinangozindikira ndili pa pavement. Chitseko chinati phaa, loko n'kulira kawiri. M'katimo munamveka chimwemwe ngati timu yagoletsa.

Ndinaima chilili, ndikupuma, kudikira kuti andiitanenso ka encore. Mphindi ziwiri. Mphindi zisanu. Thukuta lija linasanduka ayezi. Kukumbuka kuti ndili ndi sokosi zokha, kabudula wa mizere, ndipo bus pass ili m'bafa.

Ndinagogoda. Zii. Ndinawerama n'kutsegula kabowo koponyera makalata.

"Yumi? Zatheka bwanji?"

Maso ake anaonekera pakabowoko. Sanali maso a munthu wonyadira chibwenzi chake.

"Fanuel, ukudziwa chimene timanena chija? Timati chiwanda chituluke panja! Soya uja ndi wochithamangitsira. Oni akangogendedwa amayenera kulira n'kuthawa, minyama yonse n'kupita naye. Mwambo wonse ndi two minutes!"

"Two minutes?"

"Iwe watha twenty! Walowetsa minyama kukhitchini, waisuzumiritsa mumphika, kenako wakaiika pamsana pa bambo. Mayi akhala miyezi isanu ndi umodzi akudikira tsiku la lero kuti matenda achoke m'nyumba muno."

"Ndiye tanditsegulira ndipepese."

"Mayi akuti chitseko chikatseguka ubwerera nayo minyama ija."

Kabowo kanatsekeka. Kunena zoona, pamenepo kuzizira ndinasiya kukumva. Ndinamva chisoni chenicheni. Mayi uja sankasewera, ankamenyera nkhondo mwamuna wake ndi soya, ine n'kumavina. Ndinadziwa kuti Yumi ndamutaya, ndipo ndamutaya ndi miyendo yanga yomwe.

Chigoba sindinavule. Osati chifukwa cha mwambo tsopano, koma nkhope yanga inalibe poti n'kuiika.

Ndili chiimire choncho, ndinamva mapazi. Mayi wina wa chijasi chachikulu ankachokera ku shift, kulunjika pa bus stop. Atangondiona, chikwama chinagwa.

"Yesu Kristu! Vinyau mu London!"

Anti Tembo! Ndinali nditaiwala kuti nursing home yawo inali kuseri kwa msewu womwewo. Mayi wa pemphero uja, wa Baibulo m'chikwama, Chikatete chinamubwerera nthawi yomweyo. Anagwada pa pavement, maso pansi, n'kundiponyera 50p. Tsiku lonse lija, ameneyu yekha ndiye anandisupa zenizeni.

Koma poti maso anali pansi, anaona mapazi anga.

"Iyi sokisi niiziba," anatero pang'onopang'ono. "Iyi sokisi imankhala pa radiator yanga. Fanuel?"

"Anti, musakuwe..."

"Fanuel! Nsapato zili kuti? Trouser ili kuti? Sininakuuze ine?"

"Panali ka misunderstanding pang'ono."

"Bakupisha?"

"Andithamangitsa, Anti."

Anadzuka, anasasa mawondo, anatola 50p yawo n'kuibwezera m'chikwama. Kenako anaseka mpaka kutsamira galimoto ya eni ake. Basi yawo inadutsa, iwo osailabadira. Anati nkhani ngati iyi munthu sachoka isanathe.

Posakhalitsa loko analira. Chitseko chinatseguka pang'ono, kenako chonse. Bambo aja anaima pakhomo, opandabe ndodo, atanyamula mbale yopanda kanthu. Analankhula Chijapanizi chachitali, nkhope ili gwa. Ine ndinavula chigoba n'kugwira m'manja ngati chipewa pamaliro.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa Yumi, amene anali kumbuyo kwawo.

"Akuti mwambo sunathe. Chiwanda chikatuluka, aliyense amadya soya wofanana ndi zaka zake kuti akhale ndi moyo wathanzi chaka chonse. Iwo akufunika 63."

"Ndiye?"

"Tafufuza nyumba yonse. Tapeza anayi."

Onse anayang'ana kabudula wanga. Matumba onse awiri anali tutumu, ngati masaya a mbewa. Thanzi la banja lonse la apongozi linali m'kabudula mwanga.

Ndinakhuthula m'mbale muja mwakachetechete. Mdalayo anasankha soya mmodzi, anamuuzira kuchotsa ulusi wa m'thumba, anatafuna, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuchala chosuzumira chija.

"Hmm," anatero. Kenako anawonjezera mawu ena, ndipo Yumi anagwira pakamwa.

"Tanthauzira, ndafa kale ine," ndinatero.

"Akuti zaka makumi atatu akhala akuvala chigoba ngati chiwanda chaulemu, lero ndiye akumana ndi chenicheni, mpaka msana wawongoka. Akuti munthu amene sanathawe mapaketi atatu ndi tsache la mayi, sangathawe ukwati. Ulowe umwe tiyi. Koma chigoba usiye panja."

"Na ine nilowe?" anafunsa Anti Tembo. Analowadi, ndipo pofika Lamlungu choir yonse ya ku Tottenham inkandiitana kuti Two Minutes.

Lero Yumi ndiye mayi wa ana anga. Chaka chilichonse February akayamba ndimavalabe chigoba chija, koma soya woyamba asanandikhudze n'komwe ndimakhala ndafika kale pa bus stop, nsapato zili kumapazi.

Ndiye abale, si onse okuponyerani zinthu amene akukusupani, ena akukuuzani kuti muzipita.