Mabasi Anayi Chifukwa cha Kapiritsi Kamodzi

Ine si mkazi woopa anthu. Pamsika wa ku Mtendere amandidziwa: ndikatsegula pakamwa, ngakhale kondakitala amabweza chenji msanga. Koma lilipo tsiku limene manyazi anandizunguza Lusaka yense ngati mbuzi yosochera.

Ndili ndi ana anayi. Wachinayi anandigoneka m'chipatala milungu iwiri, anamwino n'kundiuza mosabisa kuti mimba ina ingandiphe. Ndiye ndimabayitsa jekeseni yolera. Tsiku langa linagundana ndi maliro a ku Petauke, ndinati ndipita mawa, mawalo n'kusanduka mwezi ndi theka. Loweruka lina amuna anga, bambo a Chisomo, amene amayendetsa thiraki, anangotulukira kuchokera ku Nakonde osanena. (Zinazo mukuzidziwa, ndinu akuluakulu.)

Lolemba m'mawa ndinawerenga masiku. Ndinkadziwa kuti liripo piritsi lomwa pasanathe masiku atatu. Koma kashopu ka mankhwala ka kwathu n'ka amake Bwalya, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu. Ine, woyambitsa nyimbo mukwaya, ndikaime pamaso pawo kupempha zimenezo? Ndinapeza nzeru: ndikagula ku Matero, komwe kulibe wondidziwa. Basi yopita m'tauni, ina yopita ku Matero, ulendo wonse ndikudziyamikira.

"Ba mami, mufuna chani?" anafunsa mtsikana wa m'shopu.

"Ni mng'ono wanga. Afuna kapiritsi kaja ka masiku yatatu."

Anandiyang'ana, kenaka anati, "Fifite kwacha. Muwauze ba mng'ono banu badye poyamba. Bakasanza maawazi yabili yakalibe kusila, ni kugula kenangu."

Ndinavomera ndi mutu, koma malangizowo ndinawasiyira mng'ono wangayo (amene kulibe, ine ndine chitsiriza). Nditangotuluka ndinabisala kuseri kwa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, n'kumeza, m'mimba mulibe ngakhale tiyi.

Basi yachitatu ndinaipirira. Yachinayi anandiika kumbuyo, pafupi ndi thumba la kapenta, zenera losatseguka, dzuwa likuswa mtengo. Titafika pa mahampu a pamsewu ku Kalingalinga, malovu anadzaza m'kamwa. Ndinayesa kuimba chamumtima, osathandiza. Zonse zinathera m'chitenge changa chatsopano.

Ndikupukuta pakamwa, ndinamva nthungululu. Pamzere wakutsogolo panali amake Tiyanjane, mnzawo wapamtima wa apongozi anga.

"Iyee, bamake Chisomo! Mulungu ni wabwino! Ni myezi ingati?"

"Awe, ni kapenta chabe."

"Naine nenzokamba so, kapenta!"

Basi yonse inaseka. Kondakitala, amene anali atayamba kundikalipira, anachotsa mnyamata wina pampando wa pazenera kuti akhalepo "ba mayo ba pakati". Ndinakhalapo. (Mpweya ndinkaufuna, musandiweruze.)

Pazenerapo m'pamene mawu a mtsikana uja anandibwerera. Maola awiri anali asanakwane. Piritsi linali m'chitenge, ndalama zobwerera ku Matero zinali zitatha, ndipo tsiku lachitatu linali mawa lake. Apo mantha enieni anandigwira, ndikukumbuka bedi lija la m'chipatala ndi ana anga anayi. Manyazi anapha lambe, ine ndinakana kufa nawo.

Ndinasamba, n'kupita kwa amake Bwalya. Ndinanena zonse, mng'ono osamutchula. Iwo sanadabwe n'komwe. Anatulutsa kabokosi, n'kuikapo banzi.

"Dyani poyamba, mumwele pamene pano. Sate faifi kwacha, muzaleta mailo. Ku kiliniki ni vaulele, simuziba? Na jekeseni muyende, musalindile."

"Musauze munthu, ba mayo."

Anaseka. "Muganiza ndimwe boyamba mu kwaya?"

Mutu unandiwawa masiku awiri. Kumwezi ndinachedwa masiku asanu, ndipo masiku amenewo ndinapemphera kuposa chaka chonse. Zitabwera ndinavina ndekha m'bafa. Tsiku la jekeseni tsopano ndinalilemba pachitseko ndi makala.

Koma amake Tiyanjane anali atagwira kale ntchito yawo. Sabata yathayi apongozi anabwera ndi shawelo yoluka okha, dzina la mwana atasankha kale. Ndinagwada, n'kuwauza mwaulemu kuti m'mimbamu mulibe kanthu. Anandisisita paphewa, maso ali pamimba.

"Osabisa, mwana wanga. Basi yonse inaona."