Kwa Bwana Amene Anachotsa Mpando ku Famase

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa Chipatala,

Pepani kuti ine telala wamba, wodziwa singano ya malaya yokha, ndikulembera inu eni singano zenizeni. Ndagwada polemba kalatayi, ndipo ndabwera kudzathokoza basi.

Bambo anga amabwera kwanu ndi matenda atatu: shuga, BP ndi mawondo. Madokotala atatu, aliyense pepala lake, mapiritsi mitundu khumi ndi umodzi. Kuwerenga bambo sadziwa, mankhwala amawazindikira ndi maonekedwe: oyera m'mawa, ofiira madzulo. Kale mayi wa ku famase ankatikhazika pampando m'kachipinda kake, n'kukhuthulira jumbo yonse ya mankhwala patebulo. Ndi iye anapeza kuti mapiritsi awiri anali amodzi, kusiyana mayina okha, ndipo ena atatu sankamwerana madzi m'thupi. Anaimbira madokotala aja, mitundu inatsika kufika pa isanu ndi iwiri, chizungulire chinatha. Bambo anayambanso kupalasa njinga.

Choyamba, zikomo pochotsa mpandowo. Munati mphindi khumi pa wodwala mmodzi n'kuwononga chuma cha chipatala. Zoonadi bwana. Kachipindako tsopano mukusungiramo makatoni a makalendala okhala ndi nkhope yanu, ndipo nkhopeyo siidwala chizungulire.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kawindo katsopano ka ku famase kaja, kolowa dzanja lokha. Mayi uja masiku ano timamuona zala zokha. Akati atsegule pakamwa, belu lanu la mphindi imodzi lalira kale, wapambuyo wakuponda chidendene. Mzere ukuthamanga bwino kwabasi, ngakhale sitidziwa kumene ukuthamangira.

Chachitatu, zikomo potipezera mapiritsi a BP otsika mtengo ku kampani ina. Amenewa ndi achikasu, akale anali oyera. Bambo anayesa kuti adokotala awawonjezera mankhwala atsopano, ndiye kwa milungu iwiri ankamwa oyera otsala aja pamodzi ndi achikasu, mokhulupirika ndithu, osaphonya tsiku. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma nanga akanafunsa pati? Lachiwiri lapitali anagwa m'bafa, fupa la m'chiuno linathyoka. Ndinawapeza pasimenti akundipepesa kuti andivutitsa. Ndinalira bwana, sindibisa, ndipo mtima ukundiwawabe.

Tsopano ali mu wodi yanu. Akudya chakudya chanu, akugona pa nsalu zanu, anamwino awiri amawatembenuza katatu patsiku, ndipo akuti akhala milungu isanu ndi umodzi. Ine masamu anga ndi a tepi yoyezera m'chiuno, choncho sindingatsutse kuti zonsezi n'zotchipa kuposa mphindi khumi za mayi uja. Inu ndi amene munapita kusukulu.

Pempho langa ndi laling'ono ngati batani. Ndamva kuti potuluka adzawapatsa mankhwala ena anayi pamwamba pa akale, ndipo tikawalandirira pa kawindo komweko, m'mphindi imodzi yomweyo. Ndiye chonde, bedi limene agonapoli musapatse munthu wina. Lembanipo dzina lawo, muyalepo bwino. Tibweranso posachedwa.

Ine wanu wogwira mwendo,
Telala wa pakhonde la sitolo