Dokotala wa Kanjedza ndi Mtengo Wake Wopanda Dzina

Kwathu kuno kumunsi kwa Phiri la Dedza, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, kunali munthu amene ankafunditsa mtengo bulangete mwini wake akunjenjemera. Munthuyo anali a Dokotala Ezara Ngozo. Ena pokamba za iwo amathira mchere wambiri, ati ankaumwetsanso tiyi mtengowo. Limenelo ndi bodza. Zimene zinachitikadi n'zokwanira pazokha.

A Ezara anabadwira konkuno, koma sukulu inawatenga ali mnyamata. Anaphunzira za zomera mpaka kunja, nabwerako ndi udokotala, naphunzitsa pa yunivesite mpaka imvi zinamera. Mwa zomera zonse zimene Mulungu analenga, iwo anasankha banja limodzi lokha: kanjedza ndi abale ake, mgwalangwa, mvumo ndi chiwale. Anayenda m'zigwa zotentha za ku Nsanje ndi ku Karonga, kuyeza masamba, kuwaumitsa pakati pa manyuzipepala, ndi kulemba mabuku amene kuno palibe anawerengapo. Anthu ankadabwa kuti mwana wa kumapiri, kwa mbatata ya kachewere ndi paini, anakaitola kuti nzeru ya mitengo ya kotentha.

Atapuma pantchito anabwerera kumudzi ndi mkazi wawo, a Dorika, ndipo mpamene tinawadziwa bwino.

Tsiku lina anaimitsa minibasi pa Chimbiya chifukwa anaona mayi akugulitsa matsache a mlaza. Anatsika, natenga tsache limodzi, nalinunkhiza, nayamba kumufotokozera mayiyo kuti mlazawo unadulidwa usanakhwime. Kondakitala anakuwa mpaka mawu anatha. Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Bambo, mukugula tsache kapena mukulifunsira?"

Minibasi inawasiya. Anafika kunyumba dzuwa likulowa, atanyamula tsache, akusangalala ngati atola ng'ombe.

Pa ukwati wa mphwawo anawapempha kuti apereke malangizo, poti anali munthu wophunzira. Anaimirira, nakonza tayi, nauza akwatiwo kuti atengere chitsanzo kwa kanjedza: mwamuna amaima payekha uko, mkazi payekha kuno, mphepo ndiyo imayenda pakati, ndipo chilengedwere dziko sizinamvekepo kuti akangana. Amayi anagwa nalo phwete. Akuchimuna sanawapatsenso moni mpaka chaka chinatha.

Bwenzi lawo lenileni anali a Saidi, a golosale ya pamsewu. Mwezi wa Ramadhani a Saidi ankagulitsa tende, zipatso za kanjedza zochokera kunja, ndipo nthawi yomasula kusala a Ezara ankafika ndi kambale, Mkhristu wathunthu, n'kukhala pamkeka. Sankadya. Ankadikira njere.

"Adokotala," ankatero a Saidi, "alendo ena amabwera kudzadya nafe. Inu nokha ndi amene mumabwera kudzalandira zolavula."

Njerezo zinkamera bwinobwino, koma chisanu cha mu Juni chinkazipha zonse. Chaka chinacho ankabweranso ndi kambale komweko.

Koma mtima wawo wonse unali pa mtengo umodzi kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda wa waya wokhala ndi loko. Asanapume pantchito anapeza m'chigwa china cha kumapiri a kumpoto mtundu wa kanjedza umene sunali m'buku lililonse, wa thunthu limodzi, masamba ake otuwa kunsi ngati awazidwa ufa. Anzawo a ku yunivesite anawaseka. Anati lamulo la ntchito yawo n'lodziwika: chomera sichipatsidwa dzina latsopano popanda kuona maluwa ake. A Ezara anali atatola njere zouma pansi, ndipo imodzi yokha inamera. Atabwerera kuchigwa kuja kukafuna maluwa, anapeza anthu atatentha ponse n'kudzala chimanga. Ndiye kuti mtengo wa kuseri kwa nyumba ndi umene unatsala, ndipo ntchito ya moyo wawo wonse inkadikira duwa lake.

Umenewo ndi umene ankaufunditsa. A Dorika ankati iwo anakwatiwa pa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi wa kumpandayo.

Zaka zinapita, mtengo unapitirira denga. Kenaka chaka china mvula ili mkati, pansi pa masamba panatuluka chinthu chotupa ngati chinangwa chachikulu. A Ezara anavina pabwalo atavala kabudula wamkati. Linali thumba la maluwa, lisanatseguke.

Vuto linali maso. Ng'ala inali itawaphimba, ndipo maluwa a mitengo yotere ndi ang'onoang'ono. Anavomera kukachitidwa opaleshoni ku Lilongwe, chinthu chimene anakhala akuchikana, kuti duwalo likadzatseguka adzalione bwino. A Dorika anapita nawo kukawadwazika. Kiyi wa mpanda anamusiya m'manja mwa mlamu wawo, a Samuel, mchimwene wa a Dorika, amene analinso wapampando wa tchalitchi chathu cha kumudzi. A Samuel anadziguguda pachifuwa.

"Alamu, pitani ndi mtima umodzi. Ngakhale ntchentche idzayamba yaodira kwa ine."

Sabata imeneyo inali yoyandikira Lamulungu la Kanjedza. Chaka chilichonse tchalitchi chinkatuma galimoto kutsikira kunyanja kukadula masamba, koma chaka chimenecho mvula inadula msewu. Kunkabwera wansembe wachilendo. A Samuel anaona manyazi akubwera: mpingo wonse kuimba Hosana utanyamula nthambi za paini. Anaitanitsa komiti. Anakambirana monga amaganizira anthu a kuno, amene mtengo amaudziwira pa bulugamu: ukaudula umaphuka, ndipo umaphuka kuposa kale. Anagwirizana kuti angotengako pang'ono masamba a mtengo wa a Ezara uja. Koma amayi a kwaya anati masamba akunja ndi olimba, salukika mitanda; abwino ndi anthete achikasu a pakati penipeni. Wokwerayo analowetsa chikwanje mpaka pamtima. Poona chotupa chija anati ndi matenda, nachidula kuti awathandize Adokotala, nachiponya kunja kwa mpanda. Mbuzi sizinachedwe.

A Ezara anatsika minibasi Lamulungu m'mawa ndi maso atsopano. Njira yonse ankawerengera a Dorika zikwangwani za m'misewu ngati mwana wa sitandade wani. Pokhotera kumudzi anakumana ndi mdipiti ukubwera, nyimbo ili pakamwa, masamba akugwedezeka m'mwamba. Anavula chipewa, nauza mkazi wawo kuti chaka chino mpingo wapeza masamba okongola.

Mayi wina anawagawira tsamba limodzi kuti nawonso agwedeze. Analitembenuza. Kunsi kwake kunali kotuwa.

Anayang'ana mzere wonsewo. Anali anthu amene ankadya nawo, ana amene anawalipirira sukulu, amayi amene ankatunga madzi pa mpopi wawo. Palibe amene analibe tsamba. Kutsogolo kunali a Samuel, atanyamula lalikulu kuposa onse. Nyimbo inayamba kuzima kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Alamu, mwabwerako?" anatero a Samuel, kiyi akulendewera pa lamba. "Musadandaule, tangosadzako. Pofika dzinja mudzatithokoza."

"Mwafika pamtima?"

"Pang'ono pokha. Komanso takuchotserani chotupa chija."

A Ezara sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti mtengo wa mtundu umenewu uli ndi mtima umodzi, ulibe wina wobisa. Anabweza tsamba lija kwa mwini wake ndi manja awiri, napita kunyumba.

Makwerero anali akadali otsamira pa thunthu, ndipo anawadziwa: anali a ku golosale. Madzulo ake a Saidi anabwera okha, kofia ili m'manja, kulumbira kuti anauzidwa kuti ndi okonzera denga la tchalitchi. A Ezara anawakhulupirira. Ndi a Saidi okha amene a Ezara anapitiriza kucheza nawo.

Mtengowo unayamba kuola kuchokera pamwamba. A Samuel anayesa kutumiza nkhuku, anayesa kutuma ankhoswe, anayesa kutuma wansembe. A Ezara ankalandira aliyense mwaulemu, kumupatsa mpando, n'kumufunsa za kunyumba. Za mtengo ayi. Anasiya kuimitsa anthu pamsewu, anasiya kuwakonza akalakwitsa dzina la chomera. Anthu amene kale ankathawa akawaona akubwera ndi nkhani zawo zazitali anayamba kunena zolakwika dala pafupi nawo, ati mgwalangwa umabala nthochi, kuti mwina ayankhe. Iwo ankangoti, "Kapena n'zoona."

Mwambo wa tchalitchi ndi wakuti masamba odalitsidwa aja sataya. Amawasunga m'nyumba, ndipo chaka chinacho amawasonkhanitsa n'kuwatentha kuti apeze phulusa la Lachitatu la Phulusa. Tsikulo a Ezara, amene anali atasiya kupita ku tchalitchi, anavala suti yawo ya ku yunivesite nakaima pa mzere. Wothandiza kupaka phulusa kumbali yawo anali a Samuel. A Samuel anaviika chala m'phulusa, nachiimitsa m'malere.

"Pakani, alamu," anatero a Ezara motsitsa. "Ndi mtengo wanga womwe uja."

Anamwalira chisanu cha chaka chomwecho. Ku maliro kunabwera aphunzitsi awiri a ku yunivesite, nalankhula zabwino zambiri m'Chingerezi. Atapempha kuona mtengo uja, anawaonetsa chitsa. Anachijambula, nakwera galimoto.

Tsopano kuno kuli zii. Munthu amatha kuyenda kuchoka kumudzi mpaka pamsewu popanda womuimitsa, ndipo taona kuti ulendo wotere ndi wautali. A Dorika anakhoma mpanda uja ndi loko wina, ndipo mchimwene wawo sapondako. Mtengowo unapita wopanda dzina. M'mabuku mulibe, ndipo sudzakhalamo. Ukafunsa lero kuti ndani ananyamula tsamba pa mdipiti uja, wina akuti anali ku maliro ku Linthipe, wina akuti ankadwala malungo, wina akuti iye ananyamula la paini. Koma tsiku limenelo tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima panja.